Dzina la Iris m'Nyumba ya Mai Tanaka

Bothwell anali asanakhale n'komwe pampando pamene Nyarai anayamba kulankhula. Pafupi ndi chitseko panali chikwama chachikulu chotseka theka, mkono wa juzi ya mwamuna wake ukulendewera kunja.

"Baba Munya, ndakuitanani chifukwa inu ndinu mnzake wakalekale," anatero m'Chishona, mawu ali pansipansi kuti asamveke kuchipinda. "Loweruka achemwali ake akubwera kuchokera ku Chegutu kudzamutenga. Ine ndalephera."

"Mwalephera bwanji, Mai Tanaka? Ndimamva kuti ayamba kudya okha."

"Kudya akudya. Koma ine ndikusunga munthu amene sindikumumva."

Trymore, mwamuna wa Nyarai, anali mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ya m'dera lawo lomwelo la Highfield. Anagwa m'kalasi nyengo yozizira itangoyamba, choko chili m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko. Anatuluka m'chipatala mkono ndi mwendo wamanja zitafooka, koma chachikulu chinali pakamwa. Chishona ndi Chingerezi ankazimva bwinobwino, koma akati ayankhe chinkatuluka Chichewa chokha, chilankhulo cha makolo ake amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. M'nyumba muno Chichewa chinali chisanalankhulidwepo. Nyarai anali wa ku Murehwa, ndipo mwana wawo Tanaka, amene ankagwira ntchito ku Bulawayo, ankangodziwa "muli bwanji" basi.

"Ndimamusambitsa, ndimamutembenuza, ndinasiya ndi msika womwe," anapitiriza Nyarai. "Koma dzina limene limamveka bwino pakamwa pake ndi limodzi. M'mawa Iris, madzulo Iris. Baba Munya, musandibise. Iris ameneyu ndi wa kuti?"

Kuseka kunamufika Bothwell pakhosi, koma atayang'ana maso ofiira a mayiyo anakumeza.

"Alamu, mlandu saweruza mwini palibe. Tiyeni kuchipinda. Inu muime pakhomo, ine ndizimasulira chilichonse."

M'chipindamo makatani anali otseka ndipo munkanunkha mafuta otikitira. Trymore anagona chotsamira mapilo, atawonda, ndevu zitayamba kuyera. Bothwell anachita manyazi. Chigwere mnzakeyo, anangomuona kamodzi kuchipatala, kenako n'kumadziuza kuti ntchito ya mipando ku Glen View yachuluka.

"Taonani mwana wa ku famu," anatero m'Chichewa. "Wagona masana ngati mwini fodya."

Trymore anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Mlomo wake unagwedera kaye.

"Galu... iwe."

"Eee! Sitiroko yatenga masamu onse koma kutukwana yakusiyira."

Phewa la Trymore linagwedezeka. Kunali kuseka.

"Akuti chiyani?" anafunsa Nyarai ali pakhomo.

"Akundilonjera, alamu." Bothwell anakoka mpando. "Trymore, akazi ako akufunsa za Iris. Ndiye tiyambire poyambira penipeni. Lachisanu ku Gweru, tikatuluka m'kalasi pakoleji paja, tinkayambira kuti? Si ku Chigayo?"

"Ayi." Trymore anamenya bulangete ndi dzanja lamanzere. "Njanji."

"Zoonadi, pa Njanji! Mutu wanga wadzaza utuchi."

Bothwell anatembenukira kwa Nyarai n'kumufotokozera m'Chishona. Pa Njanji linali bawa laling'ono kuseri kwa siteshoni, lomangidwa pafupi kwambiri ndi njanji moti sitima ya katundu ikamadutsa tebulo lililonse linkavina. Wophunzira watsopano ankadziwikira pamenepo, chifukwa anzake onse ankanyamula mabotolo m'mwamba sitima isanafike, iye yekha wake n'kugwa. Mowa unali wotchipa, wotentha ngati tiyi, ndipo mwini wake ankatsegula wailesi ya mpira ngakhale tsiku lopanda mpira.

"Tikachoka pamenepo ndiye ku Chigayo," anatero atabwerera ku Chichewa. "Ukukumbukira mmene unkavinira rumba muja, atsikana a unamwino akuombera m'manja?"

"Bodza." Trymore anakweza chala. "Iwe... unagwa."

"Ndinagwa ine? Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Iwe unali woipa, nyimbo osadziwanso. Unkavina ngati ukupondaponda fodya m'belo."

"Ufa," anatero Trymore, akuloza m'mutu mwake. "Ufa... mbuu."

Apa Bothwell anaseka mpaka kupukuta misozi. Anamuuza Nyarai kuti Chigayo inali holo yovinira imene kale inalidi chigayo cha chimanga. Ufa wakale unatsalira pamitanda ya denga, ndipo zimasipika zikagunda unkagwa pang'onopang'ono ngati nkhungu. Anthu ankalowa ali anyamata, n'kutuluka ali ndi imvi. Lolemba aphunzitsi ankangoyang'ana m'makutu mwa munthu n'kudziwa kumene anachezera.

Nyarai sanaseke. Anali atapinda manja pachifuwa.

"Ndamva za sitima, ndamva za ufa. Iris anali wovina naye ku Chigayoko?"

"Iris kuvina?" Bothwell anamasulira funsolo mwadala ngakhale Trymore anali atalimva kale. Wodwalayo anapukusa mutu mwamphamvu, n'kutambasula dzanja lake labwino kutali ndi thupi.

"Chonchi," anatero. "Ndodo. Agogo."

"Mwaona, alamu? Mai Iris anali munthu wamkulu, wonenepa, woyendera ndodo. Pamene ife tinkawadziwa n'kuti ali ndi zidzukulu. Anali ndi kashabini kuseri kwa nyumba yawo ku Mkoba, ku Gweru konko, mabenchi pansi pa mtengo wa mapeyala ndi firiji yaparafini. Kumeneko n'kumene tinkathera."

Kenako anafotokoza mmene zinayambira. Pakoleji paja iye ndi Trymore sankaulula kuti makolo awo ndi a ku Malawi. Anyamata anzawo ankanyoza ana a m'mafamu kuti ndi anthu opanda mudzi, choncho awiriwa ankangoti kwawo ndi ku Chegutu, n'kumalankhula Chishona choposa cha eni ake. Tsiku lina kwa Mai Iris, Trymore anatola nthutumba yankhuku pachiwaya osadziwa kuti yangochoka pamoto. Anaiponya m'kamwa n'kukuwa kuti, "Mayo ine!"

"Mayi aja anatuluka m'khitchini ndi ndodo yawo," anatero Bothwell, "n'kufunsa kuti, 'Mwana wa yani ameneyo walira chakwathu?' Ife ziii. Anatiyang'ana mmodzimmodzi mpaka anafika pa uyu, misozi ili mbwembwembwe, lilime lili kunja. Anamugwira khutu n'kumukokera kukhitchini, ine n'kutsatira ngati mbuzi."

Makolo a Mai Iris anali a ku Zomba, ndipo iwo anabadwira kumigodi ya ku Shurugwi. Kuyambira tsiku limenelo anyamata awiriwo sankakhalanso pabenchi ndi anzawo nthawi yonse. Ankalowa kukhitchini, kumene ankapatsidwa mang'ina a ng'ombe, amene kuno amati mazondo, ndi tsabola woyabwa mpaka m'makutu. Kumeneko ankacheza m'Chichewa momasuka, kunja nyimbo za sungura zikulira. Nthawi ya mayeso mayiwo ankawathamangitsa ndi tsache, amvekere, "Amayi anu akuthyola fodya m'mame kuti inu muzidzandilemeretsa ine?"

"Tsache," anatero Trymore, akumwetulira mbali imodzi. "Pamsana."

Nyarai anamasula manja ake pang'ono.

"Ali kuti tsopano mayi amenewo?"

"Anatisiya kalekale. Tinapita limodzi ndi amuna anuwa kukaika."

Nyarai anawerengera zaka pazala zake.

"Maliro aja a ku Gweru, Tanaka akuyamba kumene kuyenda? Amene anati ndi a azakhali?"

"Omwewo. Ndipo sananame. Kwa ife analidi azakhali."

Mayiyo analowa m'chipindamo n'kukhala m'mphepete mwa bedi, koma nkhope yake sinamasuke yonse.

"Chabwino, ndamva. Koma munthu amene anamwalira kalekale akumuitaniranji? Ine amene ndili pano sandiona? Mufunseni."

Bothwell sanafunikire kufunsa. Trymore anali atayamba kale kulimbana ndi mawu, khosi likukwera ndi kutsika.

"Iris... amamva. Ine ndilankhula, ndilankhula... palibe. Nyumba yanga... palibe womva."

Bothwell anayang'ana nsapato zake. Anaganiza zofewetsa mawuwo, koma Nyarai anali akumuyang'anitsitsa.

"Munati muzimasulira chilichonse, Baba Munya."

Anamasulira monga mmene zinalili. Nyarai anaimirira n'kupita kukhitchini. Posakhalitsa kunamveka madzi akuthiridwa m'ketulo. Bothwell anadandaula mumtima kuti wabwera kudzazimitsa moto koma wathirapo parafini.

"Iwenso," anamuuza mnzakeyo motsitsa mawu. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mkazi ameneyu wasiya msika chifukwa cha iwe."

"Ndidziwa." Misozi inatsikira m'ndevu za Trymore. "Watopa. Ndimati... upume. Upume, Nyarai. Iye... mapiritsi."

"Ukati apume amakupatsa mapiritsi?"

"Ndimati panja... dzuwa. Iye... ndowa."

Bothwell anayesetsa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mokweza mpaka Nyarai anabwerera, supuni ili m'manja, nkhope itakwinyika.

"Chikuseketsani n'chiyani m'nyumba ya matenda?"

"Pepani, alamu, khalani pansi. Munthuyu akamati 'panja', inu mumamva chiyani?"

"Kuti akufuna kudzithandiza. Kwathu munthu akati akufuna kupita panja ndiye kuti n'zimenezo."

"Akufuna kukaothera dzuwa. Nanga akamati 'upume'?"

"Amanena zimenezo akandiona ndikukolopa kapena ndikuchapa. Ndimayesa kuti penapake pakumupweteka."

"Akukuuzani kuti mwatopa, mukhale pansi mupumule."

Nyarai anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Supuni ija anaiika pabedi.

"Nthawi yonseyi?" anafunsa m'Chishona, osatinso kwa Bothwell koma kwa mwamuna wakeyo.

Trymore anagwedeza mutu movomereza.

"Ndiye ine n'kumathamanga ndi ndowa," anatero Nyarai. Anaphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo Bothwell sanadziwe ngati akulira kapena akuseka. Mwina zinali zonse ziwiri.

Bothwell ndi Nyarai anamutulutsa Trymore panja, wina mbali iyi wina mbali iyo, mwendo wofookawo ukukwekwereza pansi. Anamukhazika pakhonde pampando wa nsungwi, bulangete lili pamaondo. Dzuwa linali litapendeka koma likadafunda. Mumsewu munkadutsa amayi ochokera kumsika ndi madengu pamutu, ndipo chapatali ankamveka makondakitala a makombi, maminibasi akuno, akuitanira anthu opita ku Machipisa ndi m'tauni. Bambo wina woyandikana nawo anaima pampanda n'kufuula, "Aphunzitsi! Mwadzuka?" Trymore anakweza dzanja lamanzere.

Nyarai anabweretsa tiyi ndi mbatata yophika. Amuna awiriwo anapitiriza za ku Gweru. Anakumbukira kabawa ka pafupi ndi malo okwerera mabasi kumene wina anagulitsa jekete la mnzake, mwini wake ali m'tulo pabenchi. Anakumbukiranso mmene ankabwerera kukoleji wapansi m'mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala, akuimba nyimbo za kutchalitchi kuti alonda aziyesa akuchokera kumapemphero. Bothwell ankati akalakwitsa dzina la munthu kapena la msewu, Trymore ankamudzudzula, ndipo mawu ake ankatuluka awiri, atatu, nthawi zina chiganizo chathunthu. Nyarai ankamvetsera, n'kumafunsa apo ndi apo kuti liwu lakutilakuti likutanthauza chiyani. Ankalibwereza chapansipansi ngati akulawa mchere m'ndiwo.

Trymore anayang'ana kapu yake ya tiyi, kenako anayang'ana Bothwell.

"Mowa," anatero. "Umodzi."

"Akuti chiyani?"

"Akuti tiyi wakoma, alamu."

"Bodza," anatero Nyarai m'Chichewa, liwu limene anali atangoliphunzira masana omwewo. Kenako anabwerera ku Chishona. "Liwu loti 'mowa' ndalimva kale kambirimbiri m'nkhani zanuzi. Adokotala anakaniza. Muuzeni kuti kuno si ku Mkoba."

"Wamva wekha," anatero Bothwell. "Tsache likubwera."

Nthawi yoti Bothwell azipita itakwana, Nyarai anamuperekeza mpaka pageti.

"Baba Munya, Glen View si kutali."

"Si kutali, alamu. Lamlungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi ndizifika. Mutu umodzi susenza denga."

"Nanga masiku enawo ndizilankhula naye bwanji?"

Nyarai anaima kaye akuganiza, kenako anatulutsa foni m'thumba la epuloni n'kuimba. Bothwell anamva mawu a achemwali a Trymore akuyankha kuchokera ku Chegutu.

"Tete, ndine Mai Tanaka," anatero Nyarai. "Loweruka mubwere ndithu, koma galimoto ija musabwereke. Mutenge zovala zanu zokwanira. Mudzakhala kuno kanthawi, mundiphunzitse kulankhula ndi mchimwene wanu."

Bothwell anatseka geti pang'onopang'ono kuti asasokoneze, n'kuyamba kutsika msewu wopita kokwerera makombi.