Chithunzi cha a Daudi

Mu Januwale wa 2021 Zomba yonse inkanunkha jinja ndi mandimu. Korona anali atalusa, ndipo aliyense wokhala ndi foni anasanduka dokotala. Zuleka, amene ankagulitsa mapichesi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu wokwera phiri, anali ndi kafoni ka mabatani chabe, koma anali ndi mlamu wake Tabu. Ndipo Tabu, abale inu, pakamwa anapatsidwa!

Tabu anali mlongo wa a Daudi, amuna a Zuleka, bere limodzi. Anakwatiwa ndi a Stambuli, kalaliki wa m'boma, n'kumakhala ku Likangala m'nyumba ya magetsi. Chaka chimenecho anali atayamba bizinesi ya mavitamini, timabotolo ta zilembo zagolide tomwe ankatsatsa pa foni.

A Daudi ankatsitsa nkhuni m'phiri pa njinga, munthu woti chibadwire sanagonepo m'chipatala. Tsiku lomwe njinga inawakanika kukankha pa chitunda cha ku Mulunguzi, n'kubwerera akutsokomola thupi lili moto, Zuleka anadziwa kuti zavuta. Anawakazingira usipa wa tsabola, iwo n'kunena kuti sakumva fungo ngakhale kukoma.

"Mawa tilawirire ku chipatala," anatero Zuleka.

Koma mawalo amene analawirira ndi Tabu, pa kabaza, chikwama kukhwapa.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino? Chipatala? Olowa m'tenti ya korona muja akutuluka ali m'pulasitiki, ngakhale kusambitsa maliro sakulola. Mukufuna achimwene anga akaikidwe osasamba?"

Anayala timabotolo pa mkeka. Aka vitamini C, aka zinki, aka kolimbitsa chitetezo cha m'thupi. Awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo, n'kumawafukiza masamba a bulugamu. Kenako anawadzutsa a Daudi, n'kuuza Zuleka kuti awaveke malaya awo oyera a ku mzikiti. Anawagwiritsa botolo.

"Sekani, achimwene, ndikawaonetse alamu anu kuti muli bwino."

A Daudi anaseka movutikira, foni n'kuthwanima. Zuleka anathokoza mpaka kugwada, namusenzetsa mlamu wake dengu la mapichesi osankha. Mumtima ankati kukhala ndi m'bale wa m'tauni n'kwabwino.

Masiku atatu anadutsa. Tsiku lachinayi a Daudi sankathanso kumaliza mawu. Akati ayitane dzina la mkazi wawo, ankayamba apuma kaye pakati. Zuleka anaimba foni.

"Ndiye kuti mankhwala akugwira, matenda akutuluka," anayankha Tabu. "Onjezerani, atatu atatu. Chipatala chokhacho ayi, ndapota nanu."

Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka phokoso la anthu. Iye anati ali ku msika. Mawa lake anali ku msika, mkuja wake ku msika komweko, ndipo yankho linali lomwelo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu kunacha milomo ya a Daudi itatuwa ngati phulusa. Zuleka sanaimbirenso munthu. Anaima pakati pa msewu manja m'mwamba, lole ya matabwa a paini n'kuima. Anthu oyandikana nawo anawanyamula a Daudi pa mkeka womwewo, n'kutsika nawo phiri.

Ku chipatala namwino anawapana chala ndi kachipangizo, anayang'ana nambala, kenako anayang'ana Zuleka.

"Mayi, masiku onsewa munali kuti?"

"Timawamwetsa mavitamini."

"Mavitamini si oipa, mayi. Koma mapapo akatopa amafuna mpweya. Botolo silingamupumire munthu."

Anawathamangitsira m'tenti. Achibale sankaloledwa kulowa. Ankadikira pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, aliyense ndi kontena ya chakudya yolembedwa dzina la wodwala wake. Mayi wina wachifundo ataona Zuleka akungozungulira, anamugwira mkono.

"Ndinu atsopano eti? Bwerani kwa awa, ndi akale pano, lero tsiku lachisanu. Akulangizani nthawi yoperekera chakudya."

Wakaleyo anatembenuka. Ngakhale ndi masiki kumaso, Zuleka sakanamusokoneza. Anali Tabu, fulasiki m'manja, pa kontena patalembedwa kuti Stambuli.

Ha! Msika wake unali umenewu.

"Alamu, a Stambuli mavitamini anawakana?"

"Iwo aja ali ndi shuga, alamu. Sizofanana."

"Atsokomola tsiku limodzi, mwathamanga nawo kuno. Achimwene anu akubanika sabata yathunthu, inu muli pansi pa mtengo uno kundiuza kuti atatu atatu. Ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Achimwene ndi olimba. Ndimati apirira."

Tabu anayang'ana pansi.

A Daudi anamwalira atagona masiku atatu m'tentimo. Anaikidwa ndi anthu ovala zoyera mpaka kumaso, ali m'pulasitiki, osasamba, ndendende momwe Tabu ananenera. A Stambuli anatuluka akuyenda okha, ndipo mpaka lero ali pa ntchito.

Chimene chinkamudya Zuleka miyezi yonse ya chisoni chinali funso limodzi: chifukwa chiyani? Munthu angamukanize bwanji mlongo wake khomo limene iye mwini waloweramo ndi mwamuna wake? Ankaliganiza posamba, ankaliganiza potunga madzi, yankho osalipeza.

Mu Juni, mphepo ya m'phiri ikuluma ndipo chifuwa chija chitayambiranso m'tauni, anabwerera pa msewu ndi dengu lake. Tsiku lina galimoto inaima, mayi wa magalasi n'kutsitsa windo. Ankafuna mandimu, ndipo ankatsokomola chifuwa chimene Zuleka anachizindikira msanga.

"Amayi, chifuwa chimenecho mukapimitse ku chipatala."

"Aaa, chipatala cha chiyani? Ndaitanitsa kale mavitamini kwa mayi wina wa ku Likangala. Akuchiritsa anthu, umboni wake nawu."

Anatambasula dzanja ndi foni. Pa galasi la foniyo panali a Daudi, malaya oyera, botolo m'manja, akuseka. Zuleka analekeza sukulu Sitandade 5, choncho anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa zilembo: Bambo awa korona anawagwira koopsa. Achira masiku atatu osaponda ku chipatala. Itanitsani lero.

Ndiye yankho lija linali limeneli. A Daudi akanaoneka m'tenti, umboni ukanafa, bizinesi n'kufera pomwepo. Tabu anasankha chithunzi.

"Bwanji, mukuwadziwa?" anafunsa mayi uja.

Zuleka anavundikira dengu lake ndi chitenje, naliika pamutu.

"Ndikuwadziwa. Malayawo ndinasita ndine. Tsekani galimoto, amayi, si patali. Tiyeni ndikakuonetseni pamene agona."