Supuni pa Tsamba la Nthochi

Madamu anamutsitsa Divina, wantchito wawo wa m'nyumba, pageti la tchalitchi n'kumujambula ndi foni ataima pafupi ndi chikwangwani. Chithunzicho chinali choti akaonetse ku ofesi yopezera anthu antchito a m'nyumba, poti kumeneko anali atayamba kufunsa ngati mtsikanayo amapuma Lamlungu. Kupuma kwake kuti! Chifikireni ku Singapore, aka kanali koyamba Divina kutuluka panja wopanda thumba la zinyalala m'manja.

"Misa ikatha ndikupeze pompano," anatero Madamu pawindo la galimoto. "Ukangotsegula pakamwa, lero lomwe ukwera ndege. Wamva?"

Ndegeyo ndiyo Divina ankaiopa, kuposa simbi yamoto imene Madamu anamudinda nayo pamkono. Kwawo ku Iloilo, m'dziko la Philippines, anasiya mwana wodwala impso, ndipo mankhwala ake ankachokera pa ntchito yomweyi. Kumubweza kwawo kunali kumupha mwanayo. N'chifukwa chake anavala malaya a manja aatali, n'kumanga mabatani mpaka m'mapeto, kutentha konse kuja.

Misa itatha kunagwa chimvula, ndipo Madamu anali asanafike. Divina anaima pakhonde, maso ali kugeti. Apo mayi wina wonenepa, wa thaulo paphewa, anamugwira phewa. Anali Perlita, wophikira Afilipino onse odzapemphera pamenepo, amene onse ankamutchula kuti Ate Perlita, poti kwawoko Ate ndiye kuti achemwali.

"Iwe ndiwe wa ku Iloilo, ndakumva mmene umakokera mawu popemphera. Tiye tikadye."

"Ndakhuta, Ate."

"Wakhuta chiyani, mphepo? Taonani khosili, ngati la nkhuku yonyowa. Tiye!"

Mu holo ya tchalitchi anali atalumikiza matebulo n'kuyalapo masamba a nthochi. Pakati panali mzere wa mpunga kuchoka uku kufika uko, m'mbali mwake nsomba zokazinga, nkhumba yootcha, mabiringanya, mazira amchere ndi mango osapsa. Amayi ankasamba m'manja pabeseni, akupinda malaya mpaka m'zigongono, akulongolola zonse nthawi imodzi. Umu ndi mmene amadyera Lamlungu lililonse, choimirira, phewa ndi phewa, ndi manja, opanda mbale.

Divina anaima kumapeto kwa tebulo, akungoyang'ana chakudyacho. Kwa Madamu ankadya buledi ndi zotsalira za ana, ndipo ngakhale madzi akumwa ankayamba wapempha chilolezo. Njala inamupweteka koopsa, koma akanapinda bwanji malaya? Anayang'ana manja a anzake, onse ali pamtunda. Kenaka ananong'ona.

"Ate, supuni ilipo?"

Kalanga ine, mayi woyandikana naye anamva.

"Supuni! Abale, tili ndi mlendo wochokera ku hotela!"

"Mupatseni ndi foloko yemwe, muyatse ndi kandulo!"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Ate Perlita yekha sanaseke. Anaphika pamenepo zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti mwana wa ku Iloilo wopempha supuni pa tsamba la nthochi si wonyada ayi. Anamutengera kuseri, kumpopi wotsukira miphika.

"Bwera ndikusambitse ndine."

"Ayi Ate, chonde."

Ate Perlita anamasula batani pang'onopang'ono. Nsalu inali itamatirira pachilonda. Itamatuka, simbi inaoneka yonse pamkonopo, ndi kansonga kake komwe.

"Yesu, Mariya!"

"Musauze munthu, Ate, ndapota nanu. Andikweza ndege. Mwana wanga afa."

Ate Perlita anasuzumira mu holo n'kuloza ndi milomo mayi wina wowonda, wa magalasi, amene ankalimbana ndi mpunga m'zala, wina utamatirira pachibwano.

"Awo ndi a Seow, loya wathu. Salipiritsa, amangotithera nsomba."

Loya! Kwa Divina, loya ndiye polisi, polisi ndiye ndege. Anafuna kuthawa, koma pakhomo lolowera mu holo anali ataimapo kale a Seow, akupukuta m'manja. Anayang'ana mkonowo osaugwira.

"Sindikunamizani, mchemwali," anatero a Seow motsitsa. "Mukafuna, tipita limodzi kuchipatala, kenaka kupolisi. Nkhani ikamafufuzidwa, abwana anuwo sangangokukwezani ndege mmene afunira. Mudzagona kunyumba yathu yosungirako amayi."

"Nanga ntchito? Nanga mankhwala a mwana?"

"Mwina mukhala kaye osagwira ntchito. Tidzayesetsa kuti mupeze ina. Koma kulonjeza, sindingalonjeze."

Bola akanamunamiza. Panja hutala ya galimoto inalira motalika, kenaka inalekeza. Posakhalitsa mawu a Madamu anamveka mu holo.

"Divina!"

Phokoso lonse linati zii. Madamu anali pakhomo lalikulu, ambulera ikudontha madzi, akumwetulira kumwetulira kwa pamaso pa anthu. Miyendo ya Divina inayamba yokha kuyenda, monga inazolowera ikamva dzinalo. Anakokera malaya pachilonda. Palibe anamugwira. A Seow anangoti, "Zili kwa inu," n'kumutsatira chapatali. Amayi aja anasiya kudya, manja ali noninoni ndi mafuta, akumuyang'ana akudutsa m'mbali mwa tebulo lonse lija.

"Ndakufunafuna, mwana iwe," anatero Madamu mokoma. "Tiye kunyumba."

Anamugwira mkono. Pa mkono wonsewo, anasankha pachilonda pomwepo, n'kufinya. Ankadziwa bwinobwino pamene panali. Ululu unakwera mpaka m'mutu, ndipo Divina anaona nkhope ija ikumwetulirabe.

"Sindipita, Madamu."

Mawuwo anatuluka aang'ono moti Madamu anachita kupendeketsa khutu.

"Wati chiyani?"

"Ndati sindipita."

Mantha sanamuchoke ngakhale pang'ono. Ankangodikira mbama. Koma Ate Perlita anali atafika kumanja kwake, a Seow kumanzere, ndipo a Seow ananena dzina lawo ndi ntchito yawo mwaulemu wonse, n'kupempha kuti mkonowo ausiye. Madamu anayang'ana amayi onse aja, ena atatukula kale mafoni. Anasiya mkono, n'kutuluka osatsegula n'komwe ambulera.

Galimoto itapita, Divina anatsala chiimire pomwepo, manja kumbuyo, maso pansi. Sankadziwa ngati wapulumutsa mwana wake kapena wamupha. Ludzu linali litamugwira. Patebulo, pafupi ndi dzanja lake, panali jagi ya madzi ozizira ndi makapu ambirimbiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa Ate Perlita.

"Ate," anatero, "mungandilole ndimweko madzi?"