Mpeni M'thumba la Makala

Pafamu ya ng'ombe pamene amuna anga a Nasiru amagwira ntchito, kuno ku Balaka, Msilamu ndi iwo okha. Ndiye ng'ombe ikagwa, akapitawo a Wadson amathamangira kwathu. Ikafa yokha ndi chibudu, nyama yoletsedwa kwa Asilamu, ogula nyama a ku Liwonde sangaikhudze. Koma a Nasiru akaipeza ikupumabe n'kuichinja, basi yasanduka halali, ikwera galimoto.

Lachiwiri lina ng'ombe inagwa masana. A Nasiru anasiya chakudya n'kuthamanga ndi mpeni. Pobwera anali ndi mwendo wa ng'ombe m'jumbo, magazi mpaka m'zigongono, akuda bii. Anandiuza akuseka kuti anaipeza ikutuluka kale magazi m'mphuno, ndipo magaziwo sankaundana. Ndisanayankhe n'komwe anali atanyamula Fauziya, mwana wathu wa miyezi isanu ndi inayi, n'kumutsina patsaya.

Ndinawalanda mwanayo. Ine sukulu ndinalekezera Folomu 3, koma phunziro la ulimi ndinkalimva. Ng'ombe yotero saitumbula, amaikwirira yathunthu, chifukwa ndi anthirakisi, ndipo amagwira munthu. Ndinawauza zimenezo. Anati mantha ndinabadwa nawo, paja ndimawiritsa ngakhale madzi a pamjigo. Iwo ali kubafa nyamayo ndinakaiponya m'chimbudzi, ndipo tsikulo tinadyera therere osalankhulana.

Pofika Loweruka, padzanja pawo panali chilonda, pakati pakuda ngati khala, m'mbali motupa. Sichinkawawa, ndiye ankati si kanthu. A Wadson atachiona anawauza kuti azithirapo mchere, koma asayerekeze kupita kuchipatala, chifukwa kumeneko amafunsa mafunso, kenako alangizi a ziweto abwera, khola litsekedwa, anthu onse akhala pakhomo. Wonena zimenezi ndi munthu amene pochinja amaima patali, manja m'matumba. Magolovesi pafamupo alipo, katoni yathunthu, koma amatuluka tsiku lobwera alendo basi.

Ine maso anga anali patsaya la Fauziya. Pomusambitsa, pomuyamwitsa, ngakhale ali m'tulo kumbuyo ndinkamutsitsa kuti ndione. Lamulungu panaoneka kadontho kofiira, ndinadzinamiza kuti ndi udzudzu. Lolemba kanali katuza.

Lolemba lomwelo, dzuwa litakwera, a Wadson anafika pa njinga yamoto, osazimitsa n'komwe. Anati inanso yagwa, a Nasiru afulumire isanatsirizike. A Nasiru analowa m'nyumba, napapasa kudenga kumene amasomeka mpeni. Sanaupeze. Ndinali nditaulowetsa pansi pa thumba la makala.

"Mayi a Fauziya, mpeni uli kuti?"

"Sindikupatsani."

A Wadson anaseka. "Che Nasiru, kodi thalauza munawabwereka alamuwa?"

"Akapitawo," ndinatero, "mpeniwo ndikupatsani inuyo. Mukachinje nokha, ndi manja anu osalalawo."

"Ine si Msilamu, alamu."

"Ndiye azifa ndi Asilamu okha kuti nyama yanu igulidwe?"

Anati ndilibe mwambo, mkazi sayankha choncho. Sindinawamverenso. Ndinamasula chitenje, n'kumutembenuza Fauziya kuti tsaya liyang'ane kwa bambo ake. Ndinawauza kuti aonetse dzanja lawo pafupi, ayerekeze okha. Chawo chinayamba chomwechi, katuza kakang'ono, ndipo ndi dzanja lomwelo limene anamutsina nalo.

A Nasiru anayang'ana nthawi yaitali. Fauziya anawasekerera, akutambasula timanja kuti amunyamule. Iwo anayamba kutambasula awo, kenako anawabweza, n'kuwabisa kumbuyo.

A Wadson ankangoliza injini. Anati ng'ombe ikutha uko, ndipo a Nasiru akapanda kukwera njingayo, mawa asaoneke pakhola.

"Isiyeni ife yokha," anatero a Nasiru, osawayang'ana.

Tinayenda wapansi mpaka kumsewu kukadikira minibasi. Tili pomwepo ndinaimbira foni mayi Ida, alangizi a ziweto, amene nambala yawo ndinaikopera pachikwangwani cha kudibi. Ndinawauza zonse, ya Lachiwiri ndi ya lero, ndi kumene nyama inapita. A Nasiru ankamva, sanandiletse.

Kuchipatala anawapatsa mankhwala onse awiri, ndipo adokotala anati mwanayu tafika naye nthawi yabwino, akanatupa mpaka pakhosi zikanavuta. Patsaya patsala kachipsera, ndimakaona tsiku lililonse pomupaka mafuta, ndipo mtima umandiwira chimodzimodzi. A Nasiru ntchito inathadi. Mpeni sanaufunsenso, ndipo makala aja sindinaphikire.