Dzina la mu Lipoti

"Werenganinso pamenepo," anatero a Lucius.

Rejoice anali atakhala pamwala m'mphepete mwa dimba la sitiroberi la a Lucius, pamwamba pa phiri la Zomba. Anali wophunzira wa ku yunivesite, ndipo ankachita kafukufuku wa alimi a zipatso. Mwa onse amene anacheza nawo, a Lucius okha ndi amene anamuuza zomveka, makamaka za kuthamangitsa nkhono ndi phulusa. Tsikuli anabwera kudzawawerengera zimene analemba, monga inalamulira komiti yoteteza anthu ofunsidwa pa kafukufuku.

"A Yesaya, a zaka 68, amawaza phulusa m'mizere…"

"A Yesaya ake ati?"

"Ndinu nomwe, bambo. Komiti silola dzina lenileni. Timabisa kuti tikutetezeni. Ndinangotola dzina lililonse."

A Lucius analoza ndi khasu kutsidya kwa ngalande. Pansi pa mtengo wa paini panagona bambo wina, chipewa kumaso.

"Yesaya ndi uyo. Sitiroberi zake ngati nandolo."

Chipewa chija chinagwedezeka. "Ndamva dzina langa! Ndalowa m'buku, achimwene? Eee, chakudza sichiyimba ng'oma!"

A Lucius anapisa m'thumba la jekete, natulutsa fomu imene anasaina tsiku loyamba. Anaika chala pamzere umene unkati munthu ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse.

"Ndasiya."

"Bambo, lipotili ndikapereka Lachisanu! Mukachokamo inu, mutsala chiyani?"

"Mutsala Yesaya."

"Chonde."

"Lembani Lucius."

Rejoice anakwera pachulu kusaka netiweki, naimbira mayi Dinah, mlembi wa komiti. Iwo anati dzina lenileni limafuna pempho latsopano, ndipo komiti idzakumana mwezi wamawa. Koma dzina lobisalira, mwiniwake akhoza kusankha yekha.

Anatsika n'kuwafotokozera. A Lucius anapalira mzere umodzi mpaka kumapeto, nabwerera ndi wina. A Yesaya anali atawoloka ngalande, akutola sitiroberi za eni ake n'kumaponya m'kamwa.

"Esitere," anatero a Lucius.

"Dzina lachizimayi, bambo?"

"Phulusalo anayambitsa ndi iye. Ine ndinkangonyamula ndowa."

A Yesaya anasiya kutafuna, navula chipewa. Pamaliro a mayi Esitere, mkazi wa a Lucius, zaka zitatu zapitazo, iwo ananyamula nawo bokosi.

Rejoice anayang'ana foni yake. Dzina la mkazi wa munthu ndi lobisalira kapena lenileni? Anayang'ana chulu chija, kenako anaika foni m'chikwama. Anafufuta Yesaya, nalemba Esitere.

A Lucius anapinda fomu ija bwinobwino n'kuibwezera m'thumba. Anatola khasu, koma anatembenukanso.

"Zakazo musinthe. Anali ndi 61. Angakwiye."