Bulangeti la Abwana

"Kodi m'nyumba muno anatilemba ntchito ndani?" anafunsa abambo, atakweza foni m'mwamba ngati akuiyanika.

Amayi ankapinda zovala. Achemwali anga ankapesa wigi ataiveka pabondo. Ine ndinangoyang'ana pansi pa shelefu ya wailesi yakanema, pamene panali mwini mlandu.

Pafoni ya abambo panali mawu amene tonse tinali titawaloweza: kuonera mavidiyo nthawi ya ntchito n'koletsedwa, ngati muli ndi dandaulo kaonaneni ndi bwana wanu. Abambo anapuma pantchito kalekale, ndipo bwana yekha amene anatsala naye ankapinda zovala.

Kale tinali ndi karauta kakang'ono koyera, ka tinyanga tiwiri, kogawa intaneti m'nyumba mosavuta ngati mphaka wokalamba. Ine ndinakachotsa. Ofesi imene ndinkaphunzirako ntchito itagula zipangizo zatsopano, katswiri wa kumeneko anandipatsa rauta yawo yakale kuti ndiziphunzirirapo kunyumba. Chinali chitsulo chachitali ngati dilowa, cholemera, cha timagetsi tobiriwira kumaso. Mafani ake oziziritsa ankalira ngati ndege yofuna kunyamuka koma yosanyamuka. Abambo anachitcha Abwana, ndipo karauta kathu kaja anapatsa msuweni wathu sabata yomweyo, akuti nyumba siikhala ndi mabwana awiri.

Rauta zoterezi zili ndi mitu iwiri. Zimene waiuza lero imazisunga m'mutu wa lero. Ikazima n'kuyakanso imadzuka ndi za m'mutu wakale, pokhapokha utailamula kuti isunge zatsopanozo. Ophunzira timalangizidwa kusafulumira kusunga, chifukwa ukawononga umangozimitsa, zonse n'kubwerera mwakale. Mwakale mwa rauta yathu munali ofesi.

Madzulo alionse ndinkachotsa malamulo a ofesiwo, aliyense n'kumaonera zake. M'mawa ndinkapita kukaphunzitsa makompyuta pa kasukulu kena, ganyu yongodikirira ntchito yeniyeni. Pobwerera ndinkapeza malamulo abwerera. Ndiye kuti tsiku lililonse wina ankazimitsa Abwana. Kuifunsa rautayo sikunkathandiza: ikadzuka inkaiwala ndi chimene chaigwetsa chomwe.

"Ine soketi imeneyo sindiikhudza," anatero abambo. "Ndinauzidwa. Masiku ano ndimamvera."

"Iwe Injiniya, ukufunsa ine?" anatero achemwali, amene amaluka anthu tsitsi pakhonde. "Makasitomala anga amasankha masitayilo pavidiyo. Dzulo mayi wina ndamuluka za m'mutu mwanga, wachoka pano akuoneka ngati chinanazi. Ndizimitse kuti ndipindulenji?"

"Amayi, nanga inu?"

"Ine ndimachisamala kuposa nonsenu," anatero amayi, osatukula n'komwe mutu.

Magetsi sankazima, wotchi ya pachitofu ikanaonetsa. Ndinasintha waya. Ndinamata soketi ndi tepi, n'kulembapo kachizindikiro kanga. Tsiku lotsatira tepi inali momwemo, kachizindikiro momwemo, ndi malamulo a ofesi momwemonso. Ndinayamba kukayikira mabuku anga, kenako digiri yanga imene amayi anaipachika pamwamba pa filiji.

Anthu a m'nyumba anangozolowera. Anatulukira kuti masana, nthawi ya chakudya, Abwana amamasula mavidiyo kwa kanthawi. Abambo anayamba kudya mofulumira kuti apeze buleki. Tsiku lina ndinawapeza akuonera mpira wa dzulo atatsitsa mawu, foni ataibisa pansi pa tebulo.

Kenako kampani ina yoika manetiweki m'maofesi inandiitana ku mafunso a ntchito, Lachinayi m'mawa, kudzera pavidiyo. Chimalizireni sukulu, aka kanali koyamba kuti wina andiyankhe. Intaneti ya pafoni m'nyumba mwathu imagwira pakona ya bafa pokha, ndipo sindinafune kulembedwa ntchito nditatsamira thanki ya chimbudzi. Chiyembekezo changa chonse chinali pa Abwana.

"Ukakabwereka karauta kaja kwa msuweni bwanji?" anatero achemwali.

"Akuti anakapatsa apongozi ake."

"Basi Injiniya, upemphe chilolezo kwa bwana wako. Uko, akupinda zovala."

Lachitatu madzulo ndinachotsa malamulo a ofesi onse, n'kulamula rauta kuti isunge. Tsopano ngakhale ikanazima, sikanadzukanso ngati ofesi. Ndinkadziwa kuti ndamanga bala osalitsuka, chifukwa chozimitsacho ndinali ndisanachipeze. Koma ndinadzilimbitsa mtima kuti mawa ndidzakhala pakhomo, ndipo wozimitsayo, kaya ndi ndani, adzachita manyazi.

M'mawa ndinapempha kusukulu kuti ndisapite. Ndinavala bulauzi yoyera, n'kuuza aliyense kuti asayandikire soketi, asaitane dzina langa, asayatse wailesi. Ndinadzitsekera kuchipinda ndi laputopu.

Ofunsa anali awiri: bambo wa tayi, amene ankalankhula, ndi mayi wa magalasi, amene ankangondiyang'ana ngati akundiyeza nsalu. Mafunso oyamba ndinayankha bwino. Mtima unayamba kukhala pansi.

"Tiyerekeze chonchi," anatero bambo wa tayi. "Netiweki ya ofesi ikumagwa tsiku lililonse, nthawi yofanana. Magetsi ali bwino, mawaya ali bwino. Mungayambire pati?"

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinayamba kufotokoza za m'mabuku, mwadongosolo, choyamba ichi, chachiwiri ichi. Ndili mkati ndinaona kuti bamboyo watsegula pakamwa ndipo sakutseka. Mayi uja diso limodzi linali lotsinzina. Ndinapitiriza kulankhula kwa kanthawi, ndikuganiza kuti yankho langa lawazizwitsa. Kenako ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanamve chibwerereni Abwana. M'nyumba munali zii. Ndege ija inali itasiya kulira.

Ndinathamangira pabalaza. Mipando inali itakankhidwira kukhoma. Amayi ankasesa mwakachetechete, akuyenda monyang'ama kuti asandisokoneze. Tepi ya pasoketi inali momwemo. Koma pansi pa shelefu panalibe chitsulo. Panali kabulangeti kachikasu ka tiabakha, kamene ankandifunditsa ndili khanda, katapindiridwa bwinobwino m'mbali monse.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Wamaliza kale?" ananong'oneza amayi.

"Bulangetili, amayi!"

"Si unanena wekha tsiku lomwe chinabwera kuti fumbi limachipha?"

Ndinanenadi. Ndinanena kawiri, ndikuloza ndi chala.

"Mumachita izi tsiku lililonse?"

"Ndikamasesa basi. Ndikakolopa, pansi pakauma, ndimachotsa. Ndipo chimakonda. Chimayamba chalira kwambiri, kenako chimagona phee, ngati iwe kale."

Ndinavundukula. Chitsulocho chinali chotentha moti ukanasitirapo malaya. Mpweya ukatsekeka chimatentha, ndipo chikatentha kwambiri chimadzizimitsa chokha kuti chisapse, chikazizira n'kudziyatsanso. Palibe ankazimitsa. Palibe ananama.

"Abwana akomoka?" anafunsa abambo ali pakhomo la kuchipinda.

Achemwali analowa ndi chowumitsira tsitsi, kasitomala akuwasuzumira pawindo mutu uli theka. "Suntha, Injiniya." Anachiika pa mpweya wozizira n'kuyamba kuuzira rauta ngati mutu wa mkwatibwi. Abambo ankakupiza ndi nyuzi. Amayi anaima ndi tsache, akuyang'ana ine, kenako bulangeti, kenako ine.

"Ndiye fumbi ndi labwino?" anafunsa.

"Ayi."

"Bulangeti ndiye loipa?"

"Eya. Ayi. Amayi, dikirani kaye."

Rauta zazikulu sizidzuka msanga. Timagetsi timayaka kamodzikamodzi, ngati munthu wamkulu akufufuza nsapato pansi pa bedi. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za anthu awiri aja, amene anafunsa za netiweki yakugwa, wofunsidwa n'kugwa nayo limodzi.

Ndege italiranso ndinathamangira kuchipinda. Anali akadalipo. Bambo wa tayi ankayang'ana wotchi.

"Kukuzizira kumeneko?" anafunsa.

Ndinadziyang'ana pakanema. Bulangeti la tiabakha linali paphewa panga.

"Pepani," ndinatero. "Funso lanu lija. Ndingayambe ndi kufunsa amene amasesa."

Bamboyo anayang'ana pepala lake, ngati akufuna kuona ngati yankho limenelo lilipo. Ndinafotokoza zonse, za ofesi, za buleki ya abambo, za tepi. Mawu ankangotuluka, osakhalanso ndi choyamba kapena chachiwiri.

Apa mayi wa magalasi analankhula koyamba. "Muli ndi rauta yotero pabalaza? Tioneni."

Ndinanyamula laputopu kupita nayo pabalaza. Abambo ataona tayi anaimirira n'kumanga batani la pakhosi. Achemwali anabisa chowumitsira kumbuyo. Mayiyo anayang'ana chitsulocho nthawi yaitali, kenako anati, "Amene amasesawo ndi ati?"

Amayi anayandikira, tsache lili m'manja, n'kupinda maondo pang'ono.

"Mayi, mumafunditsa mbali zonse?"

"Zonse, mwanangu. Fumbi silisankha."

"Ndipo chimatenga nthawi yaitali bwanji kuti chigone?"

"Ndikamafika pa mpando wa bambo akewa chimakhala chagona."

Mayiyo anagwedeza mutu. Anazimitsa mawu kumbali yawo, n'kutembenukira kwa mnzake. Tinkangoona milomo. Bambo wa tayi anatambasula manja. Mayi uja anavula magalasi, n'kuloza kwinakwake kuseri kwa khoma lawo. Bamboyo anatembenuka kuyang'ana komweko, ngati wakumbukira kuti nakonso kuli rauta ndi munthu wosesa.

"Akutinena?" ananong'oneza amayi.

"Sindikudziwa."

"Wapambana kapena walephera?" anatero achemwali.

"Sindikudziwa, achemwali."

Mawu anabwerera. Mayi uja anavalanso magalasi.

"Lolemba m'mawa mubwere kuofesi," anatero. "Bulangetilo mubwere nalo."