Gitala pa Thandala

Ndinayipeza itagona chagada pathandala, pakati pa usipa, dzuwa la masana likuyiwotcha pamimba.

Ndinadumpha pa kabaza njinga isanaime. Musa, mwini njingayo, anakuwa kuti ndithyoka mwendo, koma ine ndinali nditafika kale. Gitala yanga yakuda, ya nyanga ziwiri zosongoka, inali itayalidwa mwaluso ngati chambo chong'amba, ntchentche zikutera pa nsambo zake. Nditagwira khosi lake ndinabweza dzanja msanga. Linali moto.

"Amayi! Mwachita chiyani?"

Amayi anga, a Naima, anatulukira kuseri kwa thandala lina atanyamula lichero, nkhope ili phee ngati munthu woyembekezera zikomo.

"Ndayanika. Nanga si inanyowa dzulo? Chikwama chake chija chimachita kudontha. Usade nkhawa, ndakhala ndikuyitembenuza kuti iume mbali zonse."

"Kuyitembenuza!"

"Umafuna iwole? Chinthu chikanyowa chimayanikidwa. Kodi unabadwira kuti iwe?"

Ndinabadwira konko ku Senga Bay, kumene chilichonse chonyowa chimakwera pathandala: usipa, ukonde, mphasa, ngakhale foni ya amalume itagwera m'bwato. Amayi anangochita zimene manja awo amadziwa. Koma tsiku limenelo zimenezo sindinafune kuzimva. Ndinali nditapsa mtima kwambiri.

Gitalayo anandibweretsera ndi mlongo wanga Ayub pochokera ku Joni. Sinali ya mtengo wa oimba a pa kanema, komanso sinali zidole za mumsika zija, zimene umati ukachuna nsambo imodzi inzake n'kumasuka. Ayub pondipatsa anangoti, "Ndi yapakatikati, koma imaluma." Sananame. Khosi lake linali lopyapyala, lokwana m'dzanja langa laling'onoli, ndipo nsambo zinkagona pafupi kwambiri ndi thabwa moti chala chinkangokhudza, mawu n'kutuluka. Ukayichuna m'mawa, madzulo umayipeza momwemo. Zolakwika zake inali nazo, sindingabise: utoto unali wopepera, ndipo kachitsekerero kokwezera mawu kankakhosomola ukakapotoza. Koma timaginito tiwiri ta pansi pa nsambo, timene timatola mawu, tinapangidwira nyimbo yamtundu umodzi basi, nyimbo yolemera, yaukali, imene eni ake amati meto. Ndinayiphunzira pafoni, ndipo inandilowa m'magazi. Amayi a padooko ankati mwana wa Naima wagwidwa majini. Ine ndinkawapatsa moni mwaulemu, n'kukalowa m'nyumba kukawonjezera majiniwo.

Vuto linali limodzi. Gitala ya magetsi yopanda masipika ndi thabwa chabe. Kwathu ndinali ndi kasipika ka batire ya sola, kamene kankalira ngati mavu m'chitini, moti liwu lenileni la gitala yanga ndinali ndisanalimvepo. Masipika akuluakulu m'dera lonselo anali a aphunzitsi Lodwick, bambo a ku Thyolo amene ankaphunzitsa kusekondale, ndipo Loweruka masana ankaimba ndi bandi yawo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Woimba gitala wawo anali atasamukira ku Lilongwe. Ofuna malowo tinalipo awiri, ine ndi Tumbikani, mwana wa mlongo wawo. Aphunzitsi anati Loweruka limenelo andiyesa pamaso pa alendo, ndipo anandilonjeza kuti pomaliza ndidzaimba nyimbo yanga imodzi pa masipika awo. Mvula inandipeza Lachisanu ndikuchokera kokonzekera, kumene tinkaimba popanda masipika akuluakuluwo. Loweruka m'mawa ndinathamangira kutauni ya Salima kukagula nsambo, poti imodzi inali itaduka, gitala n'kuyisiya itatsamira khoma. Ndi mpata umenewo umene amayi anayionera chifundo.

Ndinayitengera pakhonde, n'kudikira kuti izizire. Kenako ndinayang'ana khosi lake kuchokera kumutu, diso limodzi nditatsinzina. Linali litapindika ngati uta. Nsambo zinali zitakwera moti chala cha mwana chikanalowa pansi pake. Thabwa linali litanyala, ndipo timizere tachitsulo ta pakhosi tinali titatulutsa mano m'mbali. Utoto unali utang'aluka kumsana. Fungo lokha ndiye silinkachita kufunsa.

"Mwandipha, amayi," ndinatero.

"Subhanallah! Thabwa lomweli?"

"Si thabwa! Lero ndi lero, ndinakuuzani."

Musa anali asanachoke. Anthu a kabaza sasiya nkhani ili pakati. Ndinamupempha tikiyi take tomangira njinga. M'kati mwa khosi la gitala mumadutsa chitsulo chimene chimaliwongola ukachimanga, ndipo mwamwayi kiyi imodzi inakwana pamutu pake. Ndinapotoza pang'onopang'ono, thabwa likulira, mtima uli m'mwamba kuopa kumva kuti thyo. Khosi linabwerera, koma osati lonse. Kufupi ndi mutu mawu ankatuluka bwino. Kumunsi, kumene kumakhala mawu ang'onoang'ono okoma aja, nsambo zinkangoti nzii n'kufa.

Amayi anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, lichero lili m'manja.

"Ndalakwa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mwalakwa."

"Ndamva." Anaika lichero pansi. "Madzi akatayika saoleka, Tausi. Ndiye supita?"

"Ndani wanena kuti sindipita?"

Ndinamanga nsambo yatsopano, kenako ndinamasula zonse, kuzitsitsa pansi kuposa mmene ndinkachunira kale, mpaka zinafewa moti zala zikanatha kuzipondereza. Ndinaponya gitala kumsana popanda chikwama, kabokosi kanga kokwiyitsa mawu a gitala m'thumba, Musa n'kupalasa.

Pa loji tinapeza bandi ikulumikiza mawaya pansi pa chisakasa, pafupi ndi mchenga. Alendo anali atayamba kukhala m'mipando, ena azungu ofiira ndi dzuwa, ena mabwana a ku Lilongwe ndi mabanja awo. Aphunzitsi Lodwick ananunkhiza mpweya ndisanawapatse n'komwe moni.

"Iwe Tausi, wabweretsa gitala kapena ndiwo?"

Anyamata a bandi anafa nacho chiseko. Ndinafotokoza zimene zinachitika, mwachidule, mutu uli chilili. Aphunzitsi anayitenga ndi nsonga za zala, anayendetsa dzanja pakhosi, timano tija n'kuwakanda. Anayesa kumunsi, mawu anafa. Anapukusa mutu.

"Yatha iyi. Pathandala! Anthu a kunyanja inu, Mulungu akukhululukireni." Anandibwezera, n'kuloza gitala yawo yofiira imene inali pachoimikira. "Tamvera, mwana wanga. Dzanja uli nalo, kuposa Tumbikani, ndinene pamaso pake pomwe. Tenga yangayo. Uimbe nyimbo zathu mofatsa monga tinakonzera, malo ndi ako. Koma chiphokoso chako chija tiiwale. Yangayi siimba zimenezo, ndipo alendowa abwera kudzapuma."

"Munalonjeza nyimbo imodzi, aphunzitsi."

"Ndinalonjeza gitala ili gitala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Tausi. Usataye malo chifukwa cha nkhuni yonunkha usipa."

Kunena zoona, akanangonena za gitala yokha mwina ndikanagonja. Malowo ndinkawafuna mpaka kuwalota. Koma mawu aja akuti anthu a kunyanja inu anandikhala pakhosi. Amayi ndinali nditawakalipira ine mwini, ndipo unali ufulu wanga, poti ndi amayi anga. Koma kuti munthu wobwera, amene amadya usipa womwewo tsiku ndi tsiku, awasandutse nthabwala pamaso pa anyamata? Ayi.

"Ndiimba yangayi," ndinatero.

"Ukakwera ndi imeneyo, malo ndapatsa Tumbikani."

"Apatseni. Koma nyimbo yanga ndiimba."

Pitala, woimba ng'oma, amene mpaka lero ndimaimba naye, anagogoda timitengo take n'kunena akuyang'ana kumwamba, "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, aphunzitsi. Inu ndi amene mumatiwerengera kutchalitchi."

Aphunzitsi anamuyang'ana moipa. "Imodzi," anatero. "Yaifupi."

Choncho Tumbikani anaimba masana onsewo, ine nditakhala pa bokosi la mawaya, gitala ili pamiyendo. Anaimba bwino ndithu, mwana wofatsa, nyimbo zoyenda ngati madzi a m'ngalande za mpunga ku Lifuwu. Alendo ankadya, ankacheza, ena n'kumawomba m'manja osayang'ana. Ndinaona amayi akudutsa cha kuseri ndi beseni pamutu, poti Loweruka lililonse ankapereka chambo kukhitchini ya lojiyo. Ogulitsa nsomba malire awo anali khomo la kukhitchini. Kumipando ya alendo sankaloledwa. Sanayang'ane kumene ndinali.

Nthawi yanga itakwana, aphunzitsi sananditchule n'komwe dzina. Anangondipatsa waya. Ndinalumikiza, ndinaponda kabokosi kanga kokwiyitsa mawu, masipika n'kuyamba kupuma ngati chilombo chimene chadzutsidwa. Ndinagoneka m'mbali mwa chikhatho pa nsambo, n'kumenya yaikulu ija.

Abale, liwu limene linatuluka!

Silinalowere m'makutu, linalowera m'chifuwa. Linali lakuya, lonenepa, koma losasokonekera. Kumenya kulikonse kunkamveka pakokha, du du du, ngati injini ya boti lalikulu ikamadzuka. Nsambo zomasula zija zinalipatsa kulemera kumene sindinkadziwa kuti gitalayo ili nako. Ndikachotsa chikhatho, mawu ankatseguka n'kubangula, n'kukhala m'malere osafuna kufa. Zaka zonse zija ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi chinthu chimenechi osachidziwa. Ndinasangalala mpaka ndinachita mantha.

Pitala analowa ndi ng'oma ngati wakhala akundidikira moyo wake wonse. Kumunsi kwa khosi sindinapiteko, kunali kumanda. Nyimbo yonse ndinayipanikiza kufupi ndi mutu, ndipo inatuluka yaukali kuposa mmene ndinayipekera. Timano tachitsulo tija tinkandicheka chala ndikamatsetsereka, koma ululu ndinaumva mawa lake. Matambula ankanjenjemera pamatebulo. Mayi wina anatseka mwana wake makutu. Mzungu wina wa imvi anaimirira n'kuyamba kugwedeza mutu ngati mbuzi yokana chingwe. Kuseri kwa mpanda asodzi amene ankasoka maukonde anasiya ntchito n'kukwera pa mabwato ovundikira kuti aone.

Kenako ndinaona bwana wa loji akukupiza manja kwa aphunzitsi, aphunzitsi akundikupizira ine. Ndinayang'ana kumbali. Aphunzitsi anabwera pafupi n'kukuwa kuti basi. Ndinawonjezera liwiro. Apo anapita kuseri kwanga, n'kuzula waya wanga pa ampulifaya, bokosi lopatsa masipika mphamvu, n'kuuponya pamchenga.

Dziko linangoti zii. Pitala anaima timitengo tili m'mwamba. Malo aja ndinali nditawataya kale, tsopano anandilanda ndi nyimbo yomwe, ili pakati. Wina anaseka. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unawaposa, ndipo dzanja langa linakana kuima. Ndinapitiriza kumenya nsambo zopanda magetsi, zikulira tsetsetse ngati nkhululu, pamaso pa anthu onsewo, magazi akutsikira pa chikhatho.

"Tsika, Tausi," anatero aphunzitsi. "Usadzichititse manyazi."

Sindinatsike.

Ndili choncho ndinamva mlonda akuti, "Mayi, mayi, uku sikololedwa!" Nditadzutsa maso ndinaona amayi akubwera pakati pa matebulo a alendo, beseni lopanda kanthu lili m'khwapa, mamba a chambo akunyezimira m'mikono, mpango utapendekeka. Sanathamange. Anayenda monga amayendera popita kukatsutsa mtengo padooko, mlonda akuwatsata pambuyo osayerekeza kuwagwira. Atafika anaika beseni pansi, anatola waya uja, anaupukuta mchenga ndi chitenje, n'kuima maso ndi maso ndi aphunzitsi.

"Bambo, mwanayu wamaliza?"

"Mayi, alendo akudandaula, ndipo gitalayo..."

"Gitalayo ndawononga ndine. Ndafunsa ngati wamaliza."

Amayi anatembenukira ku ampulifaya, chinthu chimene anali asanachigwirepo chibadwire, n'kuyang'ana timabowo take tonse, nsonga ya waya ili m'manja ngati ulusi wofuna singano.

"Tausi, chimalowa pati chimenechi?"

Ndinaloza ndi chibwano, poti manja anali pa ntchito. Anabaya. Masipika analira mluzu woboola m'makutu, alendo n'kudzidzimuka, kenako liwu lija linabwerera lonse n'kuwamenya amayi kumaso, mpango wawo n'kumanjenjemera. Anatsinzina, anakwinya nkhope ngati amwa mankhwala owawa, anatseka khutu limodzi ndi phewa. Koma dzanja lawo linakhalabe pomwepo, litagwira waya pabowo, kuti aone amene abwere kudzauzulanso.