Mpunga wa Alamu pa Handulo

"Gwirani bwino njingayo, alamu. Silikoni safuna munthu wonjenjemera," anatero a Maulendo, akufinya chubu cha zomatirazo ndi manja onse awiri.

Chisoti anagwira mahandulo. Linali Lamulungu m'mawa, mvula ikuwaza, ndipo njinga yamotoyo anali atayikwezera pakhonde. Dzina lakuti Chisoti anam'patsa anzake chifukwa chipewa cholimba cha panjinga sankachivula ngakhale polowa m'nyumba za eni. A Maulendo anali achimwene a mkazi wake. Anayendetsa mathiraki zaka makumi awiri, ndipo panalibe nkhani imene ikanatha iwo osatchulamo malire a mayiko amene anadutsa.

Vuto la Chisoti linali limodzi. Anali atangoyamba ntchito pasitolo ya mankhwala, yokapereka mankhwala m'makomo mwa okalamba ndi odwala. Ambiri mwa anthuwo ankakhala kudera latsopano la kutsidya kwa mlatho, kumene mipanda yonse ndi yoyera ndipo mageti onse ndi akuda. Anali atasochera kale kawiri. Mwini sitoloyo, mayi wa magalasi amene ankasamba m'manja ngakhale akangogwira cholembera, anali atamuuza modekha kuti kachitatu kadzakhala komaliza.

A Maulendo atamva zimenezi anazula jipiesi ya m'galimoto mwawo, kamakina kolondolera njira kofanana ndi buku laling'ono, n'kubwera nako. Chisoti anawakumbutsa kuti kachinthuko n'ka m'galimoto, mvula sikanayionepo. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati kumene iwo anafikako anthu amamangirira zoterezi ngakhale pa ngamila.

Anatenga kontena ya mlongo wawo yonyamulira chakudya cha kuntchito, anadula zenera pachivundikiro, n'kumatapo pulasitiki yoonekera ya chikwama cha bulangete kuti munthu azitha kudina ndi chala. Waya wochokera ku batire anamulowetsera pamwamba. Kenako analowa kukhitchini n'kutulukako ndi mpunga wodzaza manja awiri, wa pansi penipeni pa thumba.

"Nanga mpungawo ndi wachiyani, alamu?"

"Umamwa chinyezi. Izi n'za anthu oyenda, inu simungazidziwe."

Chisoti anapempha kuti asiyeko kabowo pansi, kuti madzi akalowa azikhala ndi potulukira. A Maulendo anamuyang'ana ngati wawatukwana, n'kumufunsa ngati akufuna kuthamangitsa madzi kapena kuwaitana. Anathira mpungawo, anagonekapo jipiesi, anamata silikoni kuzungulira konse, n'kumangirira kontenayo pa handulo ndi malegeni. Atamaliza anaithira madzi a m'kapu, madzi aja n'kutsetsereka bwinobwino. Mlongo wawo anaomba m'manja.

Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda ngati loto. Mawu a mzimayi wa m'kamakinamo ankati khoterani kumanzere, Chisoti n'kukhota, geti lakuda n'kukhaladi lomwelo. Mwini sitolo anafika pomwetulira.

Lachitatu kunagwa mvula yeniyeni. Aliyense amene anakhalapo ndi njinga yamoto amadziwa kuti imagwedeza chilichonse mpaka chimasuke, ndipo silikoni wa pa waya uja anali atatsegula kale kamwa. Madzi anatsata wayayo ngati akuidziwa njira, analowa, n'kusowa potulukira. Masana dzuwa linaswa, pulasitiki yonse n'kuchita nthunzi mkati.

Lachinayi Chisoti anaona timadontho takuda tikuyenda pa mapu. Poyamba anasangalala, poganiza kuti kamakinako kayamba kuonetsanso magalimoto a mumsewu. Anazindikira kuti si magalimoto pamene kadontho kamodzi kanawoloka mtsinje popanda mlatho. Anali anankafumbwe.

Madzulo anauza mkazi wake kuti akufuna kuchimasula chinthucho. Mkaziyo anati achimwene ake anataya Lamulungu lonse chifukwa cha iye, ndipo munthu woyamika sachita zotero. Mkaziyo anawaimbira foni achimwene akewo, iwo n'kuyankha kuti nthunziyo ndi umboni woti mpunga ukugwira ntchito, ndipo tizilomboto tifa tokha chifukwa mulibe mpweya.

Sitinafe. Pofika sabata yachiwiri mpunga unali utafufuma, n'kusanduka phala la imvi lokhala ndi chuku pamwamba. Fungo lake linali la chinthu chowawasa chimene chawolanso kachiwiri. Ntchentche zinkaperekeza njingayo kuyambira pakhomo mpaka kuntchito. Pa maloboti, oyendetsa magalimoto ankatseka mawindo. Mwini sitolo, amene ankaganiza kuti fungolo likuchokera m'ngalande, anatuma mlonda kuthiramo mankhwala kawiri. Chisoti ankasuzumira pakona imodzi ya pulasitiki imene inali ikuonekabe, akupuma ndi pakamwa, n'kumayendabe.

Lachisanu cha m'ma leveni, mwini sitolo anatuluka ndi kapaketi m'manja, n'kukaika yekha m'bokosi la kumbuyo kwa njinga. Anati kuli nkhalamba ina ya mphumu imene mankhwala ake opopera m'kamwa atha, ndipo ikubanika. Anam'patsa pepala la adiresi ndi theka la ola.

Chisoti anawoloka mlatho n'kuima pamphambano kuti alembe adiresiyo. Pulasitiki inali itatukumuka, yoyera mbee, ndipo ngakhale kakona kaja kanali katatsekeka. Anadina ndi chala. Inali yofewa ngati chithupsa chakupsa, ndipo chinthu china chinasuntha pansi pa chalacho. Anayang'ana wotchi, anazula kiyi wa njinga, n'kubaya pulasitikiyo.

Zimene zinatuluka m'menemo sizoyenera kuzifotokoza munthu akudya. Madzi achikasu anathovokera pachifuwa, phala lija linatsikira pa thanki mpaka m'maondo, ndipo m'kati mwake munali timphutsi toyera tikudzipinda ndi kudziwongola. Mayi wina wogulitsa nthochi pambali pa msewu ananyamula dengu lake n'kusamuka. Chisoti anatukula galasi la chipewa, anasanza m'ngalande, kenako anapisa dzanja m'kontenamo n'kutulutsa jipiesi. Anaipukuta pa buluku. Kachinthu kosauka kaja kanali kakuyakabe.

Anafika pageti patatsala mphindi zisanu. Anam'tsegulira ndi mwana wamkazi wa nkhalambayo, amene anabwerera m'mbuyo n'kugwira mphuno.

"Pepani, achemwali, tsegulani nokha bokosilo. Manja angawa asakhudze mankhwala."

Mkaziyo anayang'ana manjawo, anayang'ana kamphutsi kamene kankakwera pa mkono wa jekete, n'kutola paketiyo ndi zala ziwiri. Geti lisanatsekeke n'komwe, foni inali kale kukhutu, akuimbira kusitolo.

Mwini sitolo anam'chingamira panja, mpango uli pamphuno, ndipo anamuuza kuti aime pomwepo asayandikire chitseko. Chisoti anafotokoza zonse, za alamu, za silikoni, za mpunga. Anati sanasochere, ndipo nkhalambayo yalandira mankhwala ake pa nthawi yake.

"Simunasochere, zimenezo ndikuvomereza," anatero mayiyo. "Koma mwayenda ndi mphutsi masabata awiri mutanyamula zinthu zolowa m'kamwa mwa odwala, ine ndikulimbana ndi ngalande. Munkamva fungo, munkaona tizilombo, koma simunanene. Munkaopa alamu anu kuposa odwala anga."

Anaitana mlonda kuti abwere ndi sipanala amasule bokosi la sitolo panjingapo, akalitsuke ndi madzi otentha. Mlondayo anamasula nkhope atayang'anitsa kumbali.

Chisoti anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Galimoto ya a Maulendo inali panja, eni ake ali pa sofa ndi kapu ya tiyi, nsapato atavula. Mkazi wake anatuluka kudzamulandira, anafika pafupi ndi njinga, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba dzanja lili pakamwa. Atabwerako anayang'ana pamene pankakhala bokosi.

A Maulendo anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu. Anati vuto silinali kamangidwe, koma mpunga wa m'nyumba muno. Iwo paulendo ankagwiritsa ntchito mpunga wautali wa kunja, osati zinyenyeswa zimene mlongo wawo amagula. Anawonjeza kuti ntchito zimabwera n'kupita, ndipo Lamulungu likubwerali amangenso ina, ulendo uno ndi mchere.

"Achimwene," anatero mkaziyo, koma anangolekera pomwepo n'kulowa kuchipinda.

Chisoti anapempha kiyi wa galimoto kuti awabwezere katundu wawo. Anadula malegeni, anakanganula chivundikiro, n'kuona kuti theka la phala lija linali likadalimo, likuyendayenda. Anaika jipiesi pampando. Kontenayo anaikankhira pansi pa mpando wa dalaivala, kumapeto kwenikweni kumene dzanja silifika, yosavundikira. Anatseka mawindo onse anayi mpaka pamwamba, anakhoma zitseko, n'kukasamba m'manja ndi sopo katatu.

A Maulendo analandira kiyi n'kunena kuti mwina azipita, poti pakhomo pano anthu aoneka kuti sakufuna kucheza.

"Khalani, alamu, musafulumire," anatero Chisoti, akuwathirira tiyi wina. "Dzuwa likadali lambiri. Tatiuzeninso za ngamila zija."